Kuchulukitsa mitengo ya matabwa mu labotale popanda njere: mafunso ndi mayankho

Eni nazale, alimi a mitengo, ophunzira za nkhalango ndi amisiri a matabwa amafunsa mafunso ofananafanana akamva kuti mtengo ungathe kubadwira m'botolo. Tawasonkhanitsa pano, kuyambira osavuta mpaka ozama. Nkhani imene yafotokozedwa kale pa funso lina sitinaibwereze, tangokulozerani komweko.

Kodi somatic embryogenesis n'chiyani?

Mukasenda nyemba yonyowa n'kuigawa pakati, mumapeza kanthu kakang'ono kokhala ndi nsonga ya muzu mbali ina ndi timasamba mbali inayo. Kameneko ndi mluza, ndipo mtengo uliwonse womera kuchokera ku njere umayambira pamenepo. Mwachilengedwe mluza umapangika duwa likalandira mungu.

Somatic embryogenesis ndi luso lochititsa maselo wamba a chomera, kaya a tsamba, a duwa kapena a njere yosakhwima, kupanga miluza yotere popanda mungu. Zimachitikira m'timbale kapena m'mabotolo otsekedwa, pa chakudya chokonzedwa mu labotale. Mluza ukakhwima umamera monga njere imamerera, ndipo mitengo yonse yochokera ku chidutswa chimodzi imakhala ndi chibadwa chimodzi. Akatswiri amaitcha clone. Mlimi wa chinangwa amazidziwa kale zimenezi: munda wonse wodzalidwa ndi mitengo yodulidwa pa phata limodzi ndi clone imodzi.

Zimatheka bwanji kuti selo la tsamba libale mtengo wathunthu?

Pafupifupi selo lililonse lamoyo m'chomera limasunga malangizo onse opangira chomera chonsecho, kungoti limagwiritsa ntchito ochepa okha ogwirizana ndi malo amene lili. Gottlieb Haberlandt wa ku Austria ndiye ananena mu 1902 kuti selo limodzi liyenera kutha kubala chomera chathunthu, koma iye mwini anayesa osaphula kanthu, chifukwa mahomoni a zomera, mankhwala achilengedwe amene amalamulira kakulidwe kake, anali asanadziwike. Umboni unabwera mu 1958, pamene F. C. Steward ku Cornell ku America ndi Jakob Reinert ku Germany, aliyense payekha, anaona maselo a karoti akupanga miluza.

Mitengo inatsatira pang'onopang'ono. Sandalwood inachita zotere ku India mu 1965. Ya m'banja la paini inadikira mpaka 1985, pamene akatswiri a ku Sweden ndi ku Czechoslovakia anakwanitsa pa mtengo wa spruce. Kuyambira pamenepo ndalama zambiri za kafukufuku zinapita ku mitengo ya kumaiko ozizira, kumene kuli makampani akuluakulu a mapepala ndi matabwa. Mitengo yolimba ya kumadera otentha inatsalira m'mbuyo, ndipo mpaka lero ikadali m'mbuyo.

Si zomwe zija anachita ndi nthochi chisaka chitawononga minda?

Ndi pachibale, koma si chimodzi. Nthochi za mu labotale zimene alimi a ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay analandira matenda a chisaka atagwetsa minda yawo zimachokera ku nsonga yophukira. Nsongayo amaipatsa homoni yoichititsa kutulutsa mphukira zambiri, mphukirazo amazigawa, kenaka amazipatsa homoni ina kuti zitulutse mizu. Mphukira poyamba, mizu pambuyo.

Mluza umabadwa ndi zonse ziwiri nthawi imodzi, nsonga ya muzu ndi nsonga ya tsinde, ndipo sulumikizana ndi chidutswa chimene wachokerako. N'chifukwa chake ungathe kupangidwa wochuluka kwambiri m'malo ochepa, ungathe kuumitsidwa pang'ono n'kusungidwa, ndipo umayamba moyo ndi muzu wolunjika pansi ngati mbande ya njere.

Bwanji osangofesa njere monga timachitira nthawi zonse?

Kumene njere zabwino zikupezeka, fesani njere. Palibe njira yotsika mtengo kuposa imeneyo. Vuto n'lakuti mitengo yambiri ya matabwa apamwamba ili ndi njere zovuta, iliyonse movutira mwakemwake.

Njere za mbawa zili ndi mafuta, ndipo zikangokhala pamalo otentha zimafa pakatha miyezi yochepa. Chipatso cha teak ndi cholimba ngati mwala, chili ndi zipinda 4 koma zambiri zimakhala zopanda kanthu, ndipo chimamera mochedwa ndi mosiyanasiyana ngakhale mutachiviika ndi kuchiyanika mobwerezabwereza. Mlombwa uli ndi chikhokhombe chaminga chovuta kuswa, ndipo mbande yake imauma kumtunda chaka ndi chaka uku ikukulitsa muzu, mpaka zaka zingapo isanayambe kukwera. Ku Borneo, mitengo ya meranti imabereka yonse pamodzi kamodzi pa zaka zingapo, ndipo njere zake zimafa pa milungu yochepa. Sizilola kuumitsidwa kapena kuikidwa m'firiji. Mwini nazale kumeneko angathe kukhala zaka alibe chofesa.

Palinso nkhani ya chibadwa, yomwe kwa ife ndi yaikulu kuposa zonsezi. Njere imatenga theka la chibadwa kwa mtengo umene mwaitola, theka lina kwa mtengo umene unapereka mungu, womwe simukuudziwa. Ndipo ocheka matabwa akalowa m'nkhalango amayamba ndi mitengo yaitali, yowongoka, yopanda mphanda. Imene imatsala kuti ibereke ndi yokhota ndi yodwala. Patapita zaka, njere zimene timatola zimakhala za mitengo imene wocheka anaikana. Izi zachitika ku mahogany ya ku America, yomwe kuyambira mu 2003 ili pa mndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la maiko lolamulira malonda a zomera ndi nyama zimene zili pa chiopsezo chotha. Mu 2022, pa msonkhano wa ku Panama, mitundu ya mbawa, mlombwa ndi msambamfumu ya mu Africa inalowanso pa mndandanda womwewo. Chidwi chochulukitsa mitengo yosankhidwa chikuchokera pamenepa.

Ntchito yake imayenda bwanji kuchokera pa chiyambi mpaka mbande?

Choyamba ndi kusankha chidutswa choyambira. Pa mitengo yambiri ya matabwa chimene chimavomera ndi mluza wa m'njere yosakhwima, wotengedwa chipatso chikadali chachiwisi. Nthawi yake ndi yochepa, kawirikawiri milungu yowerengeka pa chaka. Mukaiphonya mudikira chaka chamawa. Chipatsocho amachitsuka ndi sopo, n'kuchiviika mu spiriti pang'ono, kenaka mu jiki wosungunula, n'kuchitsukuluza kangapo ndi madzi ophikidwa. Amachitumbulira pa tebulo lapadera limene limapemerera mpweya wosefedwa kuti fumbi lisagwerepo.

Chidutswacho amachiika pa chakudya chokhala ndi homoni yamphamvu ya gulu la auxin, nthawi zambiri mu mdima, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 25. Pakatha milungu ingapo, m'mbali mwake mumatuluka chotupa cha maselo chimene amachitcha callus. Apa pamafunika diso lozolowera, chifukwa zotupa zambiri n'zachabe: zimangokula, osabala kanthu. Chimene akufuna chimaoneka mosiyana, ndipo wogwira ntchitoyo amachipatula ndi kachitsulo n'kuchisamutsira pa chakudya chatsopano milungu iwiri kapena inayi iliyonse. Chotupa chabwino chimachulukana mofulumira, ndipo kachidutswa kolemera galamu imodzi kangathe kukhala ndi timiluza mazanamazana.

Kenaka amachotsa auxin uja kuti miluza ikhwime. Pa mitengo ya masamba otambalala, mluza umayamba wobulungira, n'kukhala ngati mtima, n'kutalika, n'kutulutsa timasamba tiwiri toyamba, monga zimachitikira m'njere yeniyeni. Pofuna kuti usamere msanga usanasunge chakudya chokwanira, amaupatsa homoni yotchedwa ABA ndipo amachepetsa madzi amene ungathe kuyamwa, pothira shuga wambiri kapena kulimbitsa chakudyacho. Miluza yooneka bwino amaisankha umodziumodzi ndi kapani, n'kuiika pamalo owala kuti imere.

Pomaliza ndi kuizoloweretsa kunja, ndipo apa ndi pamene mbande zambiri zimafera. M'botolo mumakhala chinyezi chokhachokha, choncho masamba sakhala ndi phula lotetezera ndipo timabowo take topumira sitidziwa kutseka. Shuga amaupeza wokonzakonza, mizu sinakumanepo ndi dothi. Ukaitulutsa n'kuiika padzuwa imafota pa maola ochepa. Amaitsuka mizu, n'kuiwokera m'dothi lopepuka lophikidwa, n'kuivundikira ndi pulasitiki pamthunzi, n'kumatsegula pang'onopang'ono kwa milungu ingapo mpaka itatulutsa masamba atsopano olimba. Zikatero imapita m'machubu ku nazale ngati mbande ina iliyonse. Ulendo wonsewu umadya chaka kapena kupitirira.

M'chakudya cha m'botolomo mumakhala chiyani? Ndamva kuti amathiramo mankhwala ophera udzu.

Mumakhala michere yofanana ndi ya mu feteleza koma yoyera kwambiri, mavitamini ochepa, shuga pafupifupi magalamu 30 pa lita, ndi agar, ufa wochokera ku ndere za m'nyanja ya mchere umene umalimbitsa madziwo. Kasakanizidwe kotchuka ndi ka Toshio Murashige ndi Folke Skoog ka mu 1962, komwe kanakonzedwera fodya. Mitengo yambiri imaona kuti mcherewo wachuluka, choncho amauchepetsa ndi theka kapena amagwiritsa ntchito kasakanizidwe kena kokonzedwera mitengo. Zonse amaziphika pa madigiri 121 kwa mphindi 15 mpaka 20 mu mphika wotseka mpweya.

Za mankhwala a udzu n'zoona. 2,4-D, yemwe alimi amapopera udzu wa masamba otambalala, ndi auxin wopangidwa ku fakitale. M'munda amapha chomera pochikulitsa mosalongosoka. Mu labotale amathira mamiligalamu ochepa pa lita, okwanira kudzidzimutsa maselo kuti asiye ntchito yawo yakale. Akachuluka kapena akakhalitsa amabweretsa mavuto amene tawafotokoza pa funso la kufanana ndi kholo.

Mitengo yolimba ya kumadera otentha ili ndi khalidwe lina lotopetsa: ikadulidwa imatulutsa madzi amene amada akakumana ndi mpweya. Zimene zimapatsa matabwa ake mtundu wokongola ndi kuwateteza ku chiswe ndi zomwezo zimene zimadetsa chakudya m'botolo ndi kupha chidutswacho. Amalimbana nazo pothira makala osalala opangidwa mwapadera, vitamini C, ndi kusamutsa zidutswa pafupipafupi masiku oyambirira.

Kumudzi kwathu kuli mtengo wa mbawa waukulu, wowongoka bwino. Angandipangire ana ake ofanana nawo?

Funso ili ndi limene lili pamtima pa nkhani yonseyi, ndipo yankho lake n'lowawa. Mtengo umene mungaudziwe kuti ndi wabwino ndi wokhwima, koma maselo a mtengo wokhwima amakana kupanga miluza. Amene amavomera ndi a mluza wa m'njere, ndipo njereyo si kholo lija. Ndi mwana amene palibe akudziwa kuti adzakhala wotani. Mukachulukitsa njere ya mbawa yanuyo mudzakhala ndi mitengo masauzande yofanana yokhayokha, koma yosafanana ndi umene munausirira.

Akatswiri akhala akufuna njira zozembera vutoli. Mphukira zotuluka pa chitsa kapena patsinde penipeni pafupi ndi dothi zimakhalabe ndi ubwana, choncho zimavomera kuposa nthambi zakumwamba. Ena amamezanitsa nsonga ya mtengo wokalamba pa mbande yaing'ono mobwerezabwereza mpaka itabwerera ku ubwana. Pa koko anapeza kuti tizigawo tina ta duwa timabala miluza ngakhale mtengo uli wamkulu, ndipo pa khofi masamba amavomera. Ku Spain anakwanitsa ndi masamba anthete a mitengo ikuluikulu ya oak. Koma njira iliyonse imagwira pa mtundu wake, nthawi zina pa mtengo umodzi n'kukana pa unzake woyandikana nawo.

Pa mbawa yanuyo, chanzeru ndi ichi: musaidule. Tolani njere zake, tolaninso za mitengo ina yabwino ya kutali nayo, ndipo ngati mukufuna clone yesani njira ya m'bokosi yomwe ili pa funso la zochita kunyumba. Labotale ilibe chimene ingapange ngati mitengo yabwino yobereka yatha.

Nanga ngati sadziwa kuti njereyo idzakhala yotani, phindu lake lili pati?

Lili pa kuzizira. Chotupa chobala miluza chingathe kuikidwa mu nayitirojeni wamadzi, pa madigiri 196 kunsi kwa ziro, mofanana ndi mmene a zoweta amasungira umuna wa ng'ombe. Pamenepo moyo umaima, selo silikalamba ndipo silisintha.

Kampani imatenga njere mazana kuchokera ku makolo osankhidwa, n'kupanga clone pa njere iliyonse. Gawo lina la clone iliyonse amalisunga mu nayitirojeni, lina amalimeretsa n'kudzala m'minda yoyeserera m'madera osiyanasiyana. Patapita zaka, amayeza kutalika, kunenepa, kuwongoka, matenda ndi kulimba kwa thabwa. Ma clone opambana amawatulutsa m'chisanu muja akadali makanda, n'kuwachulukitsa. Ndi mmene amachitira ndi spruce ku New Brunswick ku Canada, paini wa loblolly kum'mwera kwa America ndi paini wa radiata ku New Zealand. Kudula nthambi sikungathe zimenezi, chifukwa mtengo wa m'munda ukamadzadziwika kuti ndi wabwino umakhala utakalamba kale.

Onani kuti chimene chimapindulitsa si botolo, koma minda yoyeserera imene yasamalidwa ndi kuyezedwa kwa zaka zambiri. Pa paini zaka zochepera 10 zimaonetsa kale zambiri. Pa mitengo yolimba yokula mochedwa pamafunika nthawi yaitali, ndiponso bungwe limene silidzasiya kugula nayitirojeni ngakhale mwezi umodzi pa zaka zonsezo.

Kodi mitengo imeneyi ndi GMO, yosinthidwa majini?

Ayi. Palibe jini yachilendo imene imalowetsedwa. Anthu amasokoneza chifukwa ofuna kusintha majini a mtengo nthawi zambiri amadzera mu labotale yomweyi kuti selo losinthidwalo libale mtengo. Bulugama wosinthidwa majini amene dziko la Brazil linavomereza mu 2015 ndi nkhani ina, yokhala ndi malamulo akeake.

Kodi mbande zonse zimatuluka zofanana ndendende ndi kholo?

Zimayenera kutero, koma si nthawi zonse. Maselo akakhalitsa ali chotupa, akugawikana mothamanga pa 2,4-D, ena amasokonekera. Zina zimaoneka msanga: miluza yophatikizana, yopanda nsonga, ya timasamba tambirimbiri. Imeneyo amaitaya. Zoopsa ndi zimene zimabisala.

Phunziro lalikulu linachokera ku kanjedza wa mafuta ku Malaysia. Ma clone oyamba anadzalidwa ndi chiyembekezo chachikulu, ndipo mbande zinkaoneka zabwinobwino. Mu 1986 kunadziwika kuti yambiri ikubala maluwa opunduka: ziwalo zachimuna za duwa zinkasanduka zonga zachikazi, zipatso n'kumayoyoka, mafuta osapezeka. Vutolo linkaonekera mtengo utayamba maluwa, alimi atausamala kale zaka zingapo. Chifukwa chake chinadziwika mu 2015, pamene akatswiri a Malaysian Palm Oil Board ndi anzawo anapeza kuti kachigawo ka DNA kotchedwa Karma kamataya zizindikiro zimene zimakatseka pakamwa. Majini enieniwo sanasinthe, chinasintha ndi kawerengedwe kake. Zinatenga zaka 29 kuti amvetse.

Mtengo wa matabwa umakololedwa patapita zaka 20, 40 kapena kuposa. Chilema chobisika chingathe kudzaonekera pa macheka. N'chifukwa chake malabotale osamala amachepetsa 2,4-D, sasunga chotupa chimodzi nthawi yaitali chili chokula, ndipo amabwerera ku nkhokwe ya mu nayitirojeni kukatenga chatsopano.

Kodi sikoopsa kudzala nkhalango yonse ya chibadwa chimodzi?

N'koopsa ndithu. Ku Malawi tili ndi chikumbutso chake. Mu 1986 nsabwe za mitengo ya cypress zinaoneka koyamba mu Africa m'dziko muno, ndipo pa zaka zochepa zinali zitafalikira kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kuumitsa minda ya cypress ndi kugwiranso mkungudza wa ku Mulanje. Mitengoyo inali ya njere, ndipo m'munda womwewo ina inkafa, ina n'kupirira. Kusiyana kumeneko ndiko kunapulumutsa yotsalayo. Munda wa clone imodzi ulibe mwayi wotero: chimene chapha umodzi chapha yonse.

Odziwa ntchitoyi amadzala ma clone ambiri osachokera ku makolo amodzi, amasintha ena pakapita nthawi, ndipo amasunga minda ya njere pambali. Pobwezeretsa nkhalango zachilengedwe, kumene tikufuna mitengo idzaberekane yokha mibadwomibadwo, clone si chida choyenera. Malo ake ndi munda wa malonda.

Ndi mitengo iti ya kumadera otentha imene yatheka kale?

Tisiyanitse kutheka mu kafukufuku ndi kufika kwa mlimi. M'malabotale, miluza yapangidwa pa mahogany ya ku America, cedrela, teak, sandalwood, mitundu ina ya acacia ndi ya bulugama. Ku Pietermaritzburg ku South Africa anakwanitsa m'zaka za m'ma 1990 pa paini wa patula, womwewu wodzalidwa ku Chikangawa. Koma pa mitengo yolimba, miluza yochepa yokha ndi imene imasanduka mbande zamoyo, ndipo njira yogwira pa banja lina imakana pa lina.

Ya kumadera otentha imene yafika m'minda mwaunyinji kudzera m'miluza si ya matabwa: ndi khofi wa haibulidi ku Nicaragua ndi maiko oyandikana nawo, koko ku Indonesia, ndi kanjedza wa mafuta. Mbewu zimenezi zimabweza ndalama pa zaka zochepa, choncho mbande yodula imagulika.

Ma clone a mitengo ya matabwa amene alipo ochuluka anabwera ndi njira zina. Teak imavomera njira ya mphukira, yofanana ndi ya nthochi ija. Akatswiri a ku Pune ku India anaonetsa mu 1980 kuti zimatheka ngakhale pa mitengo ya zaka 100, ndipo kuyambira m'ma 1990 labotale ya Yayasan Sabah ku Malaysia, mogwirizana ndi bungwe la CIRAD la ku France, yatumiza timbande ta teak ku maiko ambiri. Bulugama wa ku Brazil, wa ku Pointe-Noire ku Congo ndi wa ku South Africa amachulukitsidwa ndi tinthambi todula basi, kuyambira m'ma 1970 ndi m'ma 1980. Wina akakuuzani kuti teak yake ndi ya mu labotale, nthawi zambiri amatanthauza mphukira, osati miluza.

Kodi imakula msanga? Nanga matabwa ake ndi olimba?

Botolo siliwonjezera liwiro. Clone ya kholo lokula msanga imakula msanga ngati dothi, mvula ndi chisamaliro zili zoyenera. Clone ya kholo lofooka ndi yofooka. Chimene mumapindula ndi kufanana: mitengo imakula mofanana, imakhwima nthawi imodzi, ndipo wocheka amadziwa chimene akugula.

Kulimba ndi mtundu wa thabwa zimadalira kwambiri msinkhu. Mtima wofiira wa mtengo, umene kalipentala amaufuna, umapangika pang'onopang'ono. Teak ya m'nkhalango za Myanmar imene inatchukitsa dzinali inkadulidwa itapitirira zaka 100. Ya m'munda yodulidwa pa zaka 20 imakhala ndi mbali yoyera yambiri, kaya inachokera ku njere kapena ku labotale.

Dziwaninso kuti mbawa ndi mahogany zili ndi mdani wawo, mbozi ya Hypsipyla, imene imaboola nsonga yakumwamba ya mtengo waung'ono n'kuuchititsa mphanda. Mbande ya mu labotale nayo imabooledwa. Zimene zimathandiza ndi kudzala mosakaniza ndi mitengo ina, mthunzi pang'ono pa zaka zoyamba, ndi kudulira kuti patsale nsonga imodzi.

Kodi njirayi ingapulumutse mkungudza wa ku Mulanje kapena mlombwa?

Mkungudza unakhala mtengo wa fuko la Malawi mu 1984, ndipo kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo yokhwima 7 yokha pa phiri lonselo. Komabe vuto lake si kusowa kwa mbande. Njere zimapezeka ku mitengo yodzalidwa ku Zomba ndi ku Viphya, zimasungika bwino zikauma, ndipo zimamera. Kuyambira 2016, Mulanje Mountain Conservation Trust, bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM ndi Botanic Gardens Conservation International anathandiza manazale a m'midzi yozungulira phirilo kufesa mbande mazana a masauzande. Chovuta ndi kuti zipulumuke zikakwera kuphiri: moto wolusa, chisanu, chilimwe. Labotale siizimitsa moto.

Mlombwa nawo chimodzimodzi. Khalidwe lake louma kumtunda chaka ndi chaka ndi njira yake yopirira moto ndi chilala, ndipo mitengo ing'onoing'ono yambiri ili kale m'tchire, yobisala mu udzu, ikudikira zaka zingapo zopanda moto waukulu ndi mbuzi. Kutentha tchire mofulumira udzu usanaumitsitse ndi kusiya mitengo yobereka kungachite zambiri kuposa mabotolo. Kumene miluza ndi nayitirojeni zili ndi ntchito yeniyeni yoteteza ndi pa mitengo imene njere zake sizisungika konse, monga meranti tatchula ija.

N'chifukwa chiyani mbande zake n'zodula?

Manja ndi magetsi. Kusankha chotupa, kusamutsa, kutola miluza, kuwokera, zonse zimachitika ndi munthu wophunzitsidwa atagwira kapani. Zipinda zokuliramo zimafuna kuwala maola 16 pa tsiku ndi kutentha kosasintha, ndiye kumene magetsi amathimathima pamafunika jenereta kapena sola yodalirika. Mankhwala pafupifupi onse amagulidwa kunja. Ndipo chuku kapena mabakiteriya zikalowa, ntchito ya miyezi imatayidwa tsiku limodzi. Ena mwa mabakiteriyawo amakhala m'kati mwa chomera momwe, osafikiridwa ndi jiki, n'kudzatulukira patapita milungu.

Pofuna kutsitsa mtengo, CIRAD inapanga timitsuko totchedwa RITA timene timamiza miluza m'chakudya chamadzi kwa mphindi zochepa n'kuiphwetsanso, kangapo pa tsiku. Ena amakuta miluza ndi phala la alginate kuti ikhale ngati njere zopanga, ngakhale zimenezi sizinafike pofesedwa m'munda mwaunyinji. Njira imene yagwira kwambiri ndi yophatikiza: labotale imapanga mbande zochepa za clone yabwino, nazale n'kuzisunga zazifupi ngati makolo, n'kumadulako tinthambi. Mtengo wa labotale umagawika pa mbande mazana.

Ndingachiteko chiyani kunyumba kapena pa nazale ya gulu lathu?

Miluza ayi, koma clone inde. Roger Leakey ndi anzake, amene anagwira ntchito pa mitengo ya matabwa ya kumadzulo kwa Africa kuyambira m'ma 1970, anakonza bokosi lomeretsera tinthambi losafuna magetsi kapena madzi a m'mipope. Lagwira ntchito pa obeche, iroko ndi mitundu ya mbawa ku Cameroon ndi Ghana.

Mumakhoma bokosi la matabwa lokhala ndi chivundikiro, n'kulikuta lonse ndi pulasitiki yoonekera, pansi posadontha. Pansi mumayala mchenga pang'ono, miyala, timiyala, ndipo pamwamba mchenga wa kumtsinje kapena wosakaniza ndi utuchi wowola. Mumathira madzi mpaka afike kunsi kwa mchenga wapamwambawo, kuti uzinyowa kuchokera pansi. Bokosilo likhale pamthunzi. Tinthambi tidulidwe m'mawa kuchokera ku mbande zazing'ono kapena mphukira za pachitsa, kalikonse ndi mfundo imodzi kapena ziwiri ndi tsamba lodulidwa theka. Kunsi kwake mupake ufa wa mizu wa IBA, umene umapezeka m'masitolo ena a zaulimi. Musatsegule masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo mukatsegula wazani madzi pamasamba. Mizu imatuluka pakatha mwezi kapena iwiri, kenaka muzizoloweretse kunja monga tafotokozera pa funso la kayendedwe ka ntchito.

Wina akundigulitsa mbande za mu labotale. Ndimufunse chiyani?

Mufunseni kuti ndi ma clone angati, ndipo mayina kapena manambala ake ndi ati. Mufunseni kumene anayesedwa m'munda, kwa zaka zingati, pa mvula yochuluka bwanji ndi pamalo okwera bwanji. Teak imene inapambana ku Sabah, kumene mvula imagwa pafupifupi chaka chonse, sinaonepo chilimwe cha ku Salima. Ngati akulonjeza matabwa okhwima pa zaka zochepa kwambiri, pemphani kuti akuonetseni munda umene unadulidwa kale. Zulani mbande imodzi m'chubu muone mizu: ikhale yoyera, yofalikira mbali zonse, yosapindikira pansi. Masamba akhale olimba, otuluka mbande ili kale kunja kwa botolo. Ngati zachokera kunja kwa dziko, pakhale chilolezo cholowetsera zomera ndi chikalata chotsimikiza kuti zilibe matenda.

Mukakhutira, musadzaze munda wonse chaka choyamba. Dzalani gawo lina ndi ma clone, lina ndi mbande za njere zodziwika kochokera, monga zimene FRIM imagulitsa ku Zomba. Lembani m'kope mzere uliwonse ndi clone yake, khomani zikhomo zosawola, ndipo muziyeza kutalika ndi kunenepa chaka chilichonse mvula ikatha. Pofika chaka chachitatu kapena chachinayi mudzakhala mukuona clone imene ikugwirizana ndi dothi lanu, ndipo imeneyo ndi imene mungadulireko tinthambi toika m'bokosi muja powonjezera munda.